Chibwano cha Amake Mkwatibwi

LOLEMBA

Kwatsala masiku asanu. Loweruka ndi kichini pate ya Tiyamike, mwana wanga womaliza, wamkazi yekhayo. Amayi a kuno ku Chawama adzabwera ndi mapoto ndi mbale kudzamutsanzika, ndipo ine amake ndidzakhala kutsogolo kwenikweni, pamene maso onse amathera.

M'mawa ndili kwa telala, bana Mwape, kuyesa diresi. Diresi ndi labwino: lobiriwira, manja otukumuka, m'chiuno landikhululukira machimo onse. Bana Mwape akundizungulira, mapini ali kukamwa. Kenako aima. Akundiyang'ana kumaso.

"Imani so, mami, muli na kaulusi apa."

Atambasula dzanja, agwira kaulusiko pachibwano panga, akoka.

Chibwano chatsatira.

Akokanso. Ine: "Mayo!"

Kaulusiko ndi kanga. Kamera pa ine!

Bana Mwape alavula mapini, akuti "Sole," ayamba kuyeza mpendero umene anayeza kale. Amayi awiri odikira pabenchi akuyang'ana pansi. Mmodzi mapewa akugwedezeka.

Kunyumba. Chitseko ndakhoma. Magalasi pamphuno, kalilole pawindo. Zimene ndapeza:
- pachibwano, titsitsi titatu takuda, tolimba ngati waya;
- kena koyera, kopotana, kodzimva;
- pamwamba pa mlomo, mthunzi. Ndinkati ndi mthunzi wa mphuno. Si wa mphuno.

Ndevu! Ine!

Patha zaka zinayi chisiyireni kupita kumwezi. Ndinkati ndapuma. Kutentha thupi kobwera ngati wina wakuyatsira mbaula m'bulauzi, ndinapirira. Kuiwala chimene ndalowera m'chipinda, ndinapirira. Koma izi palibe anandichenjeza. Alangizi aja anandisunga m'nyumba masiku atatu ndisanakwatiwe, kundiuza zonse mpaka zosanenedwa. Za ndevu, zii.

Chowawa kwambiri: atate a Tiya, mwamuna wanga, sanamerepo ndevu chibadwire. Chibwano chawo chili see ngati bondo la khanda. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaseka. Lero Mulungu wayankha, koma wayankhira pa ine.

Dongosolo:
1. Zichoke Loweruka lisanafike.
2. Atate a Tiya asadziwe.
3. Tiya asadziwe, ali kale ndi zambiri m'mutu.
4. Koposa zonse asadziwe asewele anga, amake mkwati, Mayi Tembo a ku Chilenje. Mphunzitsi wopuma. Amayang'ana munthu ngati akuchonga mayeso, ndipo ine pamaso pawo sindinakhozepo.

Masiku asanu, titsitsi tinayi ndi mthunzi. N'zotheka.

LACHIWIRI

Kumsika ndikugulitsa salaula, zovala za kaunjika, nditavala masiki yotsala nthawi ya korona. Ndikuuza anthu kuti ndi chimfine. Makasitomala akuima patali, akusankha masiketi ndi nsonga ya chala. Malonda afa.

Masana ndagula kachitsulo kozulira nsidze. Ndathamangira kunyumba atate a Tiya asanabwere kunsolo, kumene amakhala tsiku lonse chipumireni ntchito.

Malaiti apita, ndiye ndi pawindo basi.

Mavuto ake:
- ndikavula magalasi sindikuona tsitsi;
- ndikavala magalasi ndikuona zambiri kuposa dzulo;
- ndikayandikira kalilole, mpweya wanga ukumuchititsa chifunga;
- dzanja likupita kumanja pamene ine ndikufuna kumanzere.

Kasanu konse ndapana khungu. Kachisanu ndi chimodzi ndagwira chenicheni. Ndakoka. Kutalika muzu wake! Kumva ngati kachokera kuchidendene. Misozi mbwee, ndayetsemula katatu. Kamodzi katuluka. Kamodzi kokha!

Ndili pa kachiwiri, misozi ili chuchuchu, pakamwa ndapotoza, pamene amake Joyce oyandikana nafe akudutsa ndi ndowa. Andiona pawindo. Atula ndowa. Posakhalitsa ali pakhomo, chitenge chakuda m'chiuno, duku kumutu, ayamba kale kulira.

"Nindani watisiya? Ni kwanu ku Malawi?"

Ndilibe chochita. Ndawalowetsa, ndawaonetsa chibwano. Aseka mpaka akhala pansi pasimenti, miyendo tambalale, misozi ya maliro ija yapeza ntchito ina.

Atapuma akuti, "Osameta na lezala! Mukameta kamozi vibwela na banzake." Akuti iwo amachotsa ndi shuga wophika ndi mandimu, mawa adzandichita okha. Akutinso ndisangalale, mkazi wa ndevu amakhala wolemera. Ndawaloza denga lathu lodontha. Akuti mwina chumacho chikubwera, ndevu zangotsogola.

Alumbira kuti sauza munthu. Akhudza dothi, aloza kumwamba.

Zotsatira za lero: katsitsi kamodzi kachoka, mabala asanu abwera.

LACHITATU

Msika wonse ukudziwa.

Ndisanamasule n'komwe mtolo wa salaula, amayi ayamba kufika mmodzimmodzi, onse akunong'ona, onse "ndangomva chabe." Malangizo a lero:
- utomoni wa papaya wosapsa;
- phulusa lofunda;
- kandulo wosungunuka;
- mwala wokwechera mapazi;
- mkodzo wa m'mawa, wanga womwe;
- kusala kudya masiku atatu, poti mwina ndi chiwanda chachimuna.

Amayi ogulitsa kapenta akuti azakhali awo anali ndi ndevu ndipo anthu ankawaopa, palibe mbava inkafika pakhomo pawo. Akunena ngati akunditonthoza.

Masana, kuseri kwa nyumba, ine ndi amake Joyce ndi mbaula.

Poto woyamba: wapsa, wada ngati phula la pamsewu.

Poto wachiwiri: wauma, asanduka maswiti.

Poto wachitatu: akuti tsopano wakhala. Andipaka pachibwano ndi supuni. Kutentha! Akuti "Pililani, ubwino ulibe ulesi." Amata kansalu ka chitenge chakale pamwamba, asisita, akuti tidikire pang'ono.

Pomwepo geti likulira. Atate a Tiya! Anzawo a nsolo apita kumaliro, abwerako msanga. Andipeza ndili pampando, mutu chagada, kansalu ka maluwa kali pachibwano.

"Nanga izi?"

"Dzino," ndatero.

Ayang'anitsitsa. "Dzinolo lili panja?"

Atola maswiti a poto wachiwiri, aponya m'kamwa, alowa m'nyumba. Sanafunsenso. Munthu uyu sindimumvetsa.

Amake Joyce akuti awerenga mpaka fili. "Wani... tuu..." Akoka pa tuu! Ndakuwa mpaka galu wa kwa alandilodi wayankha.

Tayang'ana kansaluko. Pali: shuga, khungu langa pang'ono, ubweya wofewa umene sunalakwire munthu. Titsitsi tolimba tija tili pamalo pake, chilili, tanyowa chabe ndi kukoma.

Ndasamba katatu. Ntchentche zikunditsatirabe mpaka m'nyumba.

Kwatsala masiku atatu. Sindikuseka.

LACHINAYI

Zachikudazi zandikwana. Lero ndipita m'tauni kukagula mankhwala enieni.

M'minibasi ndavala masiki, kondakitala akundiyang'ana. "Ba mami, korona inasila kudala." Basi yonse yaseka. Ndayang'ana pawindo ngati wogontha.

Mumsika waukulu, kamtsikana ka nkhope yosalala ngati dzira kandipatsa kilimu ya m'chubu. Zolembedwapo si Chingerezi, si chilichonse chimene ndinaonapo, timizere ngati mapazi a nkhuku. Pachithunzi pali mwendo wa mzungu.

Ndafunsa: "Si ya miyendo iyi?"

"Nkhope nayo ni thupi, mami. Faivi minitsi chabe, osapitilila."

Kunyumba kulibe munthu. Ndapaka chibwano chonse ndi pamwamba pa mlomo, mokhuthala, kuti zimve. Fungo lake ngati akuwawula mbuzi. Ndayang'ana wotchi. Mphindi zisanu.

Pa mphindi yachitatu foni ikulira. Asewele!

Mayi Tembo sungawadulire foni. Sungawauze kuti dikirani. Akufunsa moni wa aliyense m'nyumba ndi dzina lake. Akufuna kudziwa mipando ya akuchimuna idzayang'ana kuti. Akufotokoza za mbale wawo amene sadya nyama ya nkhumba, ndi mmene anasiyira, ndi chaka chake. Chibwano chayamba kunyerenyesa. Kenako kuyabwa. Kenako moto! Ine: "Inde asewele. Zoona asewele. Ndamva asewele." Ndikuvina pamalo amodzi, ndikudzikupiza ndi chivindikiro cha poto. Akuti, "Mawu anu akumveka achilendo." Ndati ndi chimwemwe.

Mphindi makumi awiri ndi zisanu!

Ndathamangira kundowa, ndamiza nkhope.

Uthenga wabwino: ndevu zachoka. Zonse. Mthunzi womwe.

Uthenga woipa: zapita ndi khungu. Chibwano chafiira ngati nyama ya pabutchala, chatupa, mlomo wam'mwamba watsogola ngati wa bakha.

Madzulo Tiya abwera kuntchito, andipeza m'chipinda nditafunda chitenge kumutu. Avundukula. Akuwa.

"Amama! Mwachita chiyani?"

Ndaulula zonse, kuyambira kwa telala. Ndikulira, mchere wa misozi ukulowa pabala, ndikuliranso chifukwa cha zimenezo. Ndamuuza kuti sindinafune kumuchititsa manyazi pamaso pa akuchimuna.

Mwana wanga akhala pabedi, agwira mutu.

"Amama, ndevuzo tinaziona chaka chatha."

Chaka chatha!

"Tonse. Ine, achimwene, alamu. Tinkati mukudziwa."

Atate a Tiya ali pakhomo la chipinda, kapu ya tiyi m'manja. "Ine zimandibaya paphewa kuyambira kalekale," akutero. "Ndimati mukuzisunga dala."

Ndawafunsa chifukwa chake sananene. Akuti, "Ndinene kuti chiyani? Kuti mundibwereke?"

Tiya waseka. Ine ndafuna kuseka, mlomo wakana.

Mfundo 2 ndi 3 za dongosolo zafa. Zinali zakufa kale ndisanazilembe.

LACHISANU

Ndadzuka kutupa kwawonjezeka. Diso limodzi likuona tsaya langa lomwe. Atate a Tiya avala jekete, akuti tikupita kukiliniki, osatsutsa.

Pamzere, poti ndilibe chochita, ndikuyang'ana zibwano za amayi anzanga. Ambuye! Uyu ali nato tiwiri. Uyo ali ndi timadontho takuda ta lezala. Agogo ena ali ndi kamtolo kathunthu, akukasisita akuganiza zawo. Zaka zonsezi ndimayenda pakati pa anthu awa osaona kanthu. Tilipo ambiri, tangokhala chete ngati gulu lachinsinsi.

Anesi ndi mayi wamkulu, wosachedwa ndi nkhani. Ayang'ana chibwano, ayang'ana chubu chimene ndabweretsa, achiponya m'bini.

"Munaleka liti kusamba?"

Ndisanatsegule pakamwa, atate a Tiya ayankha mwaulemu: "Asamba m'mawa womwe uno, asisitala. Madzi ndawatenthetsera ndine."

Anesi aika cholembera pansi. Atuluka. Tikuwamva akuseka pakhonde, akuuza mnzawo. Abwerera akupukuta m'maso, apempha bambowo akadikire panja.

Zimene andiuza:
- si matenda, si ufiti, si chiwanda. Mkazi akasiya kupita kumwezi, zam'thupi zimene zinkaletsa tsitsi lotere zimachepa, ndiye limapeza mpata;
- zikanabwera zambiri mwadzidzidzi, mawu n'kuyamba kukula, apo akanandipima zina. Titsitsi tanga n'ta aliyense;
- lezala sachulukitsa tsitsi, limangomveka lolimba chifukwa ladulidwa pakati. Amake Joyce amve!
- kuzula kuli bwino, kudula ndi kasizasi kuli bwino, kuzisiya kulinso bwino;
- kilimu ya miyendo ndi ya miyendo.

Andipatsa mafuta oyera opaka pabala. Pamenepo pasafike china chilichonse kwa sabata yathunthu. Sopo wonunkhira ayi, phaudala ayi.

Ndati, "Mawa ndi kichini pate ya mwana wanga."

Akuti, "Ndiye mukavine na chilonda chanu."

Ndafunsa ngati zidzameranso. Akweza chibwano chawo, andionetsa. Nawonso ali nato.

Masana pakhomo padzaza: abale, mapoto akuluakulu, nkhuku zomangidwa miyendo. Aliyense akundipatsa moni akuyang'ana pamphumi panga mwakhama.

Ndaitanira Tiya kuseri. Ndamuuza maganizo anga: mawa kutsogolo kukhale amayi ake aang'ono, mng'ono wanga, amene nkhope yake ili bwino. Ine ndikhala kumbuyo kumapoto, ndiziona zonse ndili komweko.

Sindinamuonepo atakwiya chotero. Sanakweze mawu.

"Amene anandigulitsira salaula padzuwa mpaka ndinamaliza sukulu ni ndani? Ni amama aang'ono? Mukakhala kumapoto, ine sinilowa mu holo. Mudzaphimba mpando na chitenge m'malo mwa mkwatibwi."

Wachoka. Ndatsala ndi nkhuku.

Chabwino. Kutsogolo.

LOWERUKA

M'mawa ndayesa kumanga duku modutsa pansi pa chibwano. Ndikuoneka ngati mtembo woti pakamwa pasatseguke. Ndamasula.

Wophoda mkwatibwi akuti akhoza kubisa chilichonse. Mawu a anesi ndawakumbukira bwinobwino, ndipo ndati, "Pakani." Wapaka kamodzi, kawiri, katatu. Kuwawa, koma m'kalilole muli munthu. Chibwano chachikulu pang'ono, koma munthu.

Holo yadzaza. Ng'oma, nthungululu, mafuta onunkhira a amayi mazana. Denga ndi la malata. Ndakhala kutsogolo, msana chilili.

Ndiye kwabwera kuja. Kutentha kuja. Kuyambira pachifuwa, kukwera khosi, kufika kumaso. Osati lero, chonde! Thukuta chuu. Ndikumva phaudala akusungunuka, akutsika, dontho labulauni latera padiresi lobiriwira. Lachiwiri. Mng'ono wanga akundinong'oneza: "Achemwali, nkhope ikugwa."

Ndatuluka chowerama, kuseri kwa holo kumene kuli mgolo wa madzi. Ndatsuka zonse. Chibwano chabwerera poyera, chofiira, chonyezimira ngati tomato wothiridwa madzi pamsika.

Ndikutembenuka, ndagundana ndi munthu. Suti yachitenge yofiirira, chikwama chagolide, duku lalitali ngati nsanja. Mayi Tembo!

Ndafuna kubisa ndi dzanja. Mochedwa. Akundiyang'ana pachibwano, maso aja a mayeso. Ndiye nanenso ndayang'ana pawo.

Pulasitala! Wamkulu, wopingasa, kamagazi katulukira pakati. Abwera kumgolo kudzasintha wina.

Tangoima. Ng'oma zikulira mkati.

Iwo aloza chibwano chawo. "Lezala. M'mawa uno. Dzanja linaphonya."

Ine ndaloza changa. "Kilimu. Lachinayi. Muli pafoni."

"Pafoni ndi ine?"

"Mphindi makumi awiri ndi zisanu, asewele."

Agwira pakamwa. Kenako kwatuluka phokoso limene sindinaganizepo kuti lingatuluke mwa mphunzitsi: kuseka kwa m'mimba, kokhala ndi mkonono. Atsamira mgolo. Ine ndatsamira iwo. Akuti akhala akumeta mobisa zaka zisanu ndi ziwiri, lezala amabisa m'chikwama cha Baibulo, amuna awo anamwalira osadziwa. Akuti sabata yonseyi amaopa ine, poti amayi a kumsika maso awo saphonya kanthu.

Ndawamata pulasitala watsopano ndi manja anga. Iwo andipukuta dontho padiresi ndi mpango wawo.

Talowa limodzi, mikono yokolana, wina chofiira, wina chomata. Amake Joyce aimirira pampando, nthungululu mpaka kutsokomola. Tavina. Mayi Tembo ali ndi chiuno, anthu inu! Ana asukulu akanadziwa!

Kenako alowetsa Tiya ataphimbidwa chitenge, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa alangizi. Mkwati wafika ndi alongo ake, wavundukula. Nkhope ya mwana wanga. Wakweza maso pang'ono, ngakhale anamuuza kuti aziyang'ana pansi, wandifunafuna, wandipeza pampando wanga. Pamenepo za chibwano zandichoka m'mutu. Ndalira ngati wopusa mpaka mphatso zatha.

Wojambula anali paliponse. Ndamuona mochedwa.

LAMULUNGU

Miyendo ikuwawa. Mawu aphwa. Kutchalitchi sindinapite, Mulungu anandiona dzulo mokwanira.

Pakhomo pali zii. Abale apita, mapoto obwereka abwezedwa. M'chipinda cha Tiya mphatso zaunjikana mpaka kudenga, zikudikira tsiku la ukwati kuti zichoke naye. Ndaima pakhomo pake kanthawi, ndatseka.

Chibwano chayamba kuuma, chikusupuka. Pansi pa nkhanambo ndikumva ndi chala timinga tiwiri. Tabwerera kale. Sitinadikire n'komwe kuti bala lipole!

Masana zithunzi zafika pafoni ya Tiya. Takhala pakhonde tonse atatu, tikudutsitsa ndi chala. Zambiri ndatuluka pakamwa pali yasa. Zina ndikupukuta mphuno.

Koma chilipo chimodzi. Tiya wagwada, wandikumbatira, tsaya lake lili pa langa. Ine maso otseka. Kuwala kwa pawindo kukutimenya cham'mbali. Chokongola kwambiri moti atate a Tiya atsokomola n'kuyang'ana kumsewu.

Ndati akulitse ndione bwino. Wakulitsa ndi zala ziwiri.

Pakhosi panga, pansi pa khutu, pamene kalilole safika: tsitsi limodzi. Loyera. Lalitali ngati chala changa chapakati, likuwala padzuwa, lapindikira kunja ngati likupereka moni kwa alendo.

Limeneli silinamere dzulo. Sabata yonse ndikuwotcha chibwano, ilo lili pambali phee, likuonerera.

Ndayang'ana Tiya. Akuyang'ana kumwamba. Ndayang'ana atate ake. Akuti, "Limenelo ndi lakalekale. Lofatsa."

Tiya akuti wojambula akhoza kulifufuta pakompyuta. Ndaganiza. Ndati ayi. Achape chimenechi, chachikulu, cha felemu, tikhome pabalaza.

Wofuna kuwerenga tsitsi adzawerenge. Ine ndatopa, ndikukagona.